Mkamwini Amene Adabisa Munda M'nyumba

Padangokhala, ndipo amene muli nane nenani kuti tili tonse, Gologolo adapita kukakwatira kumudzi kwa a Nguluwe. Mkazi wake adali Nangondo, mwana mmodzi yekhayo wa a Nguluwewo, wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Anzake adamuchenjeza asadanyamuke.

"Iwe, amayi amene aja timawadziwa ife. M'kamwa mwawo simupuma."

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima," adatero Gologolo, nanyamula kakhasu kake, mchira uli m'mwamba.

Tsiku lofika adalandiridwa ndi a Njiri, mlongo wawo wa a Nguluwe. Iwowa ndiwo adali mwinimbumba, ndipo za ukwati wa Nangondo zonse zinkathera m'kamwa mwawo. Adamukhazika pansi mlendoyo namuwerengera malamulo.

"Akamwini, kuno ndi kwa eni. Mkamwini asamakule mwendo. Apongozi anu musawayang'ane kumaso, musalankhule nawo. Mukamva akubwera, patukani, mufulatire mpaka adutse. Iwonso sadzaponda m'nyumba imene inu mumayalamo mphasa. Mwamva?"

"Ndamva, atsibweni."

"Munda wanu ndi uwo. Kwa tsopano gonani m'kachisakasa aka, nyumba yeniyeni mudzamanga mukakhazikika."

Gologolo adali wamng'ono thupi koma khasu ankalitha. Adabzala mbatata, chinangwa ndi mtedza, ndipo mvula itagwa bwino mizere idayamba kung'ambika ndi zakudya. Tsiku lina masana a Nguluwe adatuma mawu kudzera mwa Nangondo kuti denga la nkhokwe yawo likudontha. Mkamwini sakana. Adakwera, adafolera, adatsika, ndipo pobwerera kumunda adangoti kakasi. Mizere ya mbatata idali itafukulidwa yonse, kholowa ali mbwee. Ziboda za wakubayo sizidabisale ayi. Zidayenda mwaulemu kuchoka m'mundamo mpaka pakhomo pa apongozi ake.

"Akazi anga, bwerani mudzaone malodza! Mapazi awa ndi a ndani?"

Nangondo adayang'ana mapaziwo, adayang'ana pansi, nayamba kukanda nthaka ndi chala.

"Kaya, bambo. Mwina mphepo."

"Mphepo ya ziboda?"

M'mawa mwake Gologolo adati sachoka m'munda, aone yekha. Dzuwa lili paliwombo adamva nyimbo ikubwera. Idali nyimbo ya a Nguluwe, yodziwitsa mkamwini kuti apongozi ali m'njira, yomuuza kuti amene ali ndi maso awapereke ku udzu, ndipo pothera pake inkayamika mwana wa eni wodziwa mwambo. Gologolo adalumpha, napatuka, nafulatira monga adamulangizira. Adadikira kuti nyimboyo idutse. Nyimbo sidadutse. Idaima kumbuyo kwake kwenikweni, kenaka idasanduka phokoso lina: fuku fuku, kukutu kukutu, tafu tafu.

Kalanga ine! Munthu kudyeredwa chinangwa chako iwe uli pomwepo, utafulatira, manja utagwira m'mawondo! Ubweya wonse wa Gologolo udaima. Adafuna kucheuka, khosi lidakana. Adafuna kukuwa kuti wakuba, lilime lidakumbukira a Njiri. Adakhala choncho mpaka apongozi adageya, nayambanso nyimbo yawo, nabwerera kwawo mwapang'onopang'ono.

Zidachitika tero tsiku ndi tsiku. Gologolo adatema minga namanga mpanda. A Njiri adabwera ndevu zili njenjenje.

"Akamwini, kodi mlendo amamangira mpanda eni nthaka? Phwasulani!"

Adaphwasula. Kenaka adakumba mbuna pakati pa mtedza, naiphimba ndi masamba, poganiza kuti wakuba akaona zoopsa adzaleka. Masana nyimbo idabwera, idafika pa mawu oyamika mwana wa eni aja, ndipo idathera m'malere: khuu! Gologolo, ali chifulatire, adafunsa chitsa chimene chidali patsogolo pake.

"Chitsa iwe, m'mbuna mwanga mwagwa chiyani?"

Mawu adachokera pansi, akulankhula ndi mitambo.

"Mitambo inu, onani mwana wa eni akufuna kundiika m'manda ndili moyo!"

Mudzi wonse udathamangira komweko. Adawavuula a Nguluwe ndi luzi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsa chimene ankafuna m'mtedzamo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Amene adagwada ndi kupepesa adali Gologolo.

Nthawi yokolola itakwana, nkhokwe ya Gologolo idali ndi akangaude okha. Ndipo a Nguluwe, mimba ili nenenene, adapita kwa mlongo wawo kukalira kuti mkamwini ndi mlesi, mwana wawo afa ndi njala. A Njiri adaitanitsa Gologolo namuuza mlanduwo.

"Chaka chino takukhululukirani," adagamula a Njiri. "Koma chaka chamawa, chilimwe chikafika pachimake, ndidzabwera ndekha kudzaona. Ndikadzapeza mulibe chodyetsa mwana wathu, khasu lanu mudzalipeza panja, mudzaone msana wa njira. Nangondo adzatsala."

Apa mpamene mtima wa Gologolo udazizira, chifukwa Nangondo ankamukonda zedi. Adasinkhasinkha mpaka mutu udawawa. Kenaka mchira wake udagwedezeka wokha, monga unkachitira nzeru zikamufikira, ndipo adabwerera kwa a Njiri.

"Atsibweni, ulesi wanga ndauona. Ndikuganiza kuti ukuchokera m'kachisakasa kaja. Ndiloleni ndimange nyumba."

"Apo mwanena zamutu. Mangani."

"Yaikulu bwanji?"

"Monga mphamvu zanu zingathere."

"Nanga mamangidwe ake?"

"Nyumba ndi yanu, akamwini. Ngakhale muimange chadodolido, ife tilibe nazo kanthu."

"Ndipo paja mudati apongozi saponda m'mene ndimayala mphasa?"

"Ndidanena, ndipo ndikubwereza pamaso pa anthu awa."

Gologolo adawomba m'manja mwaulemu nanyamuka. Sadadule mtengo ndi umodzi womwe wootchera njerwa. Adakumba dothi pamalo pomwepo, nadinda makoma a mdindo, Nangondo akumutungira madzi. Khoma lidapita, lidakhota, lidapita, lidakhotanso, mpaka lidakakumana ndi pomwe lidayambira. Zipinda zidagwirana manja kuzungulira, ndipo pakati padatsala bwalo lalikulu lopanda denga. Dzenje limene adakumbamo dothi lija adalisiya pakati pomwepo, nalizira ndi dongo. Pofolera, udzu sadauweramitsire kunja monga achitira anthu onse. Adauweramitsira m'kati. Khomo adasiya limodzi lokha, ndipo wolowa ankayamba wadutsa m'chipinda chogona asadafike pabwalo.

Anthu adasiya mitondo ndi makasu kudzaona. Ena adagwira pakamwa, ena adabisa ana awo kumbuyo.

"Mayo ine, nyumba yoboola pakati!"

"Denga layang'ana kumbuyo!"

"Akamwini," adatero a Njiri, "kodi mutu ukuyenda bwino? Mvula ikadzagwa, madzi onse adzathira m'nyumba mwanu."

"Ndi umbuli wakwathu, atsibweni. Mundipirire."

A Nguluwe adaseka mpaka kugwa chagada. Adauza mtondo wawo mokweza kuti chaka chamawa khasu lina ligona panja.

Dzinja lidafika. Gologolo adalimanso munda wakunja uja monga kale, ndipo masana aliwonse nyimbo inkabwera, iye nkufulatira, apongozi nkudya. Sadadandaule ngakhale kamodzi, moti a Nguluwe adayamba kumumvera chisoni pang'ono. Sadadziwe kuti mundawo udali nyambo chabe. M'nyumba muja mvula inkatsika ndi madenga onse nkudzaza dzenje lija ndi mitsuko imene Nangondo adaindandalika m'munsi mwa udzu. Phulusa la kukhitchini, zitosi za nkhuku, makoko a mtedza, zonse zinkathera pabwalo la pakati. Madzi osambira adawatemera kangalande kopita patsinde pa nthochi. Makoma ankatchinga mphepo, m'mawa mthunzi unkachokera uku, madzulo uko, ndipo nthaka sinkauma msanga. Gologolo adabzala mochedwa dala, kuti zake zidzache ena atatha kudya zawo.

Chilimwe chidabwera ndi ukali. Minda yonse idauma, ndipo a Nguluwe, amene chaka chonse adadalira khasu la mkamwini, adayamba kuwerengeka nthiti. Tsiku lina akudutsa kuseri kwa nyumba yoboola ija, mphuno yawo idaima yokha. Mbatata! Mtedza wauwisi! Mwezi wa dzuwa ngati uno? Adazungulira nyumba yonse osapeza munda. Adasuzumira pakhomo, ndipo kupyola chipinda chogona adaona zobiriwira zikugwedezeka. Adabwerera m'mbuyo pang'ono.

Adadzilimbitsa, nayamba nyimbo yawo ija, mokweza kuposa kale lonse. Gologolo adaimva. Adakhala pamphasa yake pakati pa chipinda, nafulatira bwinobwino, monga mwana wodziwa mwambo. A Nguluwe adafika pakhomo, adatukula chiboda, ndipo adaona mphasa. Chibodacho chidatsala m'malere. Azimayi a pamudzi adali ataima ndi mitsuko pamutu, maso onse ali pa mwendo umenewo. Mpongozi kulowa kuchipinda kwa mkamwini? Nkhani yotere ikadawatsata mpaka kumanda. Nyimbo idazima ngati moto wothiridwa madzi, ndipo adabweza mwendo wawo.

Adathamangira kwa mlongo wawo.

"Achimwene, mwana uja wabisa munda m'nyumba!"

"Munda m'nyumba? Mlongo wanga, dzuwali lakupweteka."

"Kaoneni nokha! Ndipo mukamuuze kuti popanda denga si nyumba. Pakati paja ndi panja, ndipo panja ponse m'mudzi muno ndi panga. Aboole khoma ndizilowera kumbali."

A Njiri adapita, adaodira, adalowa. Atatulukira pabwalo la pakati adakhala pansi osafuna. Mizere ya mbatata, mtedza, therere, mpiru, nthochi italemera ndi mkoko, madzi ali phaa m'dzenje, kamphepo kozizira ngati kuli kudambo. Kwa kanthawi adaiwala chimene adadzera.

"Akamwini... izi... komabe mlongo wanga akunena zoona. Popanda denga si nyumba."

"Yang'anani kumwamba, atsibweni."

Adayang'ana. Gologolo adali atayala nsungwi kuchokera denga ili kufika denga ilo, ndipo maungu ndi mphonda zidayanga pamenepo, zipatso zili lende lende.

"Denga ndi limenelo. Ndipo onani apo." Pakati pa mizere padali mphasa yachiwiri, yoyala bwino. "Kukatentha chonchi timagona pompano."

A Njiri adakanda njerewere za kumaso kwawo. Mawu adawanena okha pamaso pa anthu, ndipo sakadatha kuwameza. Adatuluka nauza mlongo wawo kuti nyumba yonseyo ndi chipinda.

Gologolo adavina yekha pakati pa mbatata zake. Ankatumiza Nangondo ndi kambale ka chakudya kwa amake tsiku lililonse, poti mako ndi mako, koma kambale ndi kambale, munda ndi munda. Adadziona kuti wapambana. Koma wochenjera amatseka makomo onse nkuiwala limene adalowera yekha. Nangondo adali ndi pakati, ndipo m'mawa wina nthawi yake idakwana.

Gologolo adaona a Nguluwe akubwera chothamanga, osaimba, osatsokomola, azimayi awiri ali pambuyo. Adalumphira pamphasa nafulatira. Azimayiwo adamunyamula m'khwapa ngati mwana.

"Amuna panja! Kuno kwatsala za akazi."

"Koma mwambo! Apongozi saloledwa..."

"Mwambo wake uti? Mwana wamkazi akamachira, make amakhala pamutu pake. Ndipo inu simulowanso muno mpaka chikuta chithe, mchombo wa khanda utagwa."

Mphasa yake idamutsatira panja, chitseko nkuti gwa. Gologolo adaima pakhomo pa nyumba yomanga yekha, maso ali tong'o, mchira uli pansi. Khoma limene adalidinda ndi manja ake kuti apongozi asalowe tsopano lidatsekera iye kunja, iwo ali m'kati!

Dzuwa likupendeka adamva kulira kwa khanda, kenaka nthungululu. Mzimayi wina adasuzumira nanena kuti ndi mwana wamkazi, ndipo onse ali bwino. Gologolo adagwetsa misozi ya chimwemwe. Misoziyo isadaume, khutu lake lidatola phokoso lina kuseri kwa khoma, phokoso limene ankalidziwa kuposa dzina lake: fuku fuku, kukutu kukutu, tafu tafu.

A Njiri adabwera nakhala pambali pake.

"Mwatikulitsira mbumba, akamwini, zikomo. Koma mawu ndi mawu. Chilimwe chafika pachimake. Chikuta chikatha ndilowa, ndipo chimene ndidzaone tsiku limenelo ndicho ndidzaweruze."

"Atsibweni, simukumva kodi?"

"Ine ndikumva mwana akulira basi."

Kukutu kukutu. Mzere woyamba udali ukupita. Podzafika tsiku logwa mchombo, m'nyumbamo mukadatsala dothi lokha, ndipo Gologolo akadachoka m'mudzimo wopanda mkazi, wopanda mwana amene adali asadamuone nkomwe. Kulowa sakadatha. Kulankhula ndi apongozi sakadatha. Adagwira mutu ndi manja awiri. Kenaka nsonga ya mchira idagwedezeka.

Adakwera pamwamba pa khoma, nafulatira bwalo kuti asaone za m'kati, nakuwa ndi mawu onse kuti mudzi umve.

"Atsibweni, ndifunse! Mwana wabadwayu ndi wa ndani?"

"Funso lanji limenelo? Ndi wathu. Ndi wa mbumba ya mlongo wanga. Inu ndinu tambala chabe."

"Ndiye khalani mboni, inu ndi onse akumva. Ine mlendo ndilibe mbuzi, ndilibe mkanda womuveka. Mphatso yanga kwa mwanayu ndi munda uli m'nyumbawu, wonse, ndi madzi ake omwe. Kuyambira lero si wanganso. Amake azidya za m'menemo kuti bere lituluke mkaka. Mbatata iliyonse yosowa m'mundamu ndi mkaka wochotsedwa m'kamwa mwa mdzukulu wa eni mudzi. Ine zanga zatha, wakuba aziba za mbumba yake."

Phokoso lija lidaleka pakati pa kutafuna. Kenaka Gologolo adamva mawu a apongozi akufunsa mtsuko, motsitsa, ngati munthu wodzidzimuka kutulo.

"Mtsuko iwe, akuti munda ndi wa yani?"

Adayankha ndi Nangondo, mawu ali ofooka. "Ndi wa mdzukulu wanu, amayi. Uyu ali m'manja mwanuyu."

Khanda lidalira. Ndipo Gologolo, ali pakhoma paja, adamva chinthu chimene sadayembekeze kuchimva moyo wake wonse. Adamva a Nguluwe akukwirira mbatata imene adali atafukula kale.

Masiku a chikuta onse phokoso la kuseri kwa khoma lidali la madzi othirira. Nkhuku ina idayesa kujompha mpiru, ndipo idatuluka pamwamba pa denga nthenga zili mbwee. Mchombo utagwa, a Njiri adalowa, adayendera mizere, napeza umodzi wokha wodyedwa theka.

"Khasu lanu likhale m'nyumba, akamwini. Ndinu wa pano. Ndipo poti mwatipatsa mwana, zothawana ndi apongozi zithe lero. Gwirani nkhuku muwapatse, mulonjerane."

Gologolo adagwira nkhuku, adagwada, napereka. Kwa nthawi yoyamba adawayang'ana apongozi ake kumaso, ndipo adadabwa kuona kuti maso awo ndi a Nangondo enieni. Adanyamula mwana wake, adaseka, adalira, adasekanso. Njala ya masiku onse aja idamukumbutsa kuti ilipo, ndipo mwana ali kudzanja limodzi, adawerama nazula tsinde la mtedza. Asadaswe ndi khoko limodzi lomwe, mthunzi waukulu udamuphimba. Apongozi ake adalankhula naye mawu oyamba chikwatirire.

"Akamwini, bwezani. Ndi za mwana."

"Amayi... ndidabzala ndine!"

"Mudapereka pamaso pa mboni. Achimwene, ndikunama?"

A Njiri adayang'ana kumwamba, kwa maungu. Nangondo adabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Gologolo adawerama, ndipo pang'onopang'ono adabwezera mtedzawo m'nthaka.

Mkazi adakhala naye, mwana adamulera, nyumba yoboola pakati idadyetsa banja lonse chilimwe ndi dzinja, ndipo anthu amene ankaiseka adayamba kubwera kudzayeza makoma ake ndi mapazi. Koma mlonda wa mundawo sankagona. Nchifukwa chake mpaka lero gologolo akapeza mtedza amathawira nawo pamwamba, nkuugwira ndi manja awiri, nkumadya msangamsanga akucheuka uku ndi uku, ngakhale m'munda wolima yekha.

Nthano yanga yathera pamenepa. Kaphuleni mbatata ili pamoto ija isapserere, koma muyambe mwafunsa kuti ndi ya yani.